Zithunzi za pa webusaiti ya kopaletivi: titenge zaulere za pa intaneti kapena tipange za AI?

Nachitowe_Ngabu

Muli bwanji nonse. Kopaletivi yathu kuno ku Ngabu ili ndi webusaiti ya WordPress, ndipo udindo woikapo zithunzi wagwera ine. Timagulitsa chitowe, mapira ndi mbuzi, ndipo ogula amene tikufuna kuwakopa ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Patsamba loyamba pali zithunzi 12, zina zotengedwa pa Google, zina zojambulidwa pa foni. Tsambalo likuchedwa kutseguka moti mamembala akudandaula kuti likuwathera bandulo.

Ndithandizeni pa zitatu izi. Kodi za pa Google zija zingatibweretsere mlandu? Zithunzi zaulere zololedwa zimapezeka kuti? Nanga achinyamata athu akuti tingopanga za AI basi (mapulogalamu amene amapanga okha chithunzi ukawalembera chimene ukufuna), kodi n'zoona kuti zimenezo zilibe vuto?

Mlambe_Nchalo

Amayi, za pa Google zija zichotseni lero lomwe. Google sakhala mwini wa zithunzi zimene imaonetsa, imangolozera kumene zili. Zili ngati mbuzi yomangiriridwa pamtengo pamsika: kusaona mwini wake pafupi sindiye kuti ilibe mwini. Kuno kwathu lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe loona za ufulu wa eni ntchito zotere ndi COSOMA. Kunja kuli makampani amene ntchito yawo ndi kusakasaka zithunzi za makasitomala awo pa intaneti n'kutumiza kalata yofuna malipiro. Kulemba kuti "chithunzi: Google" pansi pake sikukupulumutsani. Kudula mbali imene pali dzina la wojambula ndiye kukulitsa mlandu.

Zaulere zololedwa yambani ndi Pexels, Unsplash ndi Pixabay. Malaisensi awo amalola kugwiritsa ntchito zithunzi pa malonda osalipira, ndipo kutchula wojambula sikokakamiza ngakhale ndi ulemu kutero. Chimene salola ndi kugulitsa chithunzicho chili chomwecho, kapena kuchiika mwa njira yosonyeza ngati munthu amene ali pachithunzipo akuvomereza katundu wanu. Chenjerani ndi mzere wa zithunzi umene umaoneka pamwamba kapena pakati pa zotsatira. Nthawi zambiri zimenezo ndi zotsatsa za malo ogulitsa monga iStock, ndipo pa Unsplash zolembedwa Unsplash+ ndi zolipira. Mukaona mawu otuwa odutsa pakati pa chithunzi, dziwani kuti chimenecho n'chogula.

Kusaka kwake n'kwa m'Chingerezi. Mukalemba "chitowe" simupeza kanthu. Lembani "sesame seeds", "sesame field", "sorghum harvest". Koma mukawonjezera "Malawi" mudzaona kuti zambiri ndi za kunyanja ndi phiri la Mulanje, za kuno kuchigwa n'zochepa kwambiri. Zenizeni za kuno zimapezekako pa Wikimedia Commons: sakani Chikwawa District, Nsanje District, Shire River, Majete kapena Lengwe. Kumeneko chithunzi chilichonse chili ndi laisensi yakeyake, ndipo muyenera kuiwerenga patsamba la chithunzicho. Laisensi yotchedwa CC0 ndi yomasuka kotheratu. CC BY imafuna kuti mutchule wojambula. CC BY-SA imafunanso kuti mukachisintha, chosinthidwacho chikhale pa laisensi yomweyo. Pansi pa chithunzi lembani dzina la wojambula, kumene mwachitenga, dzina la laisensi ndi linki yake, ndipo ngati mwachidula nenani. Pa Flickr, malo enanso a zithunzi, mukaona zilembo NC pa laisensi ya chithunzi musachitenge, chifukwa zilembo zimenezo zikuletsa malonda, ndipo webusaiti yogulitsa chitowe ndi malonda ndithu, olo mutakhala kopaletivi.

Chinthu chimene ambiri sachita: tsegulani fayilo imodzi ya Excel kapena kope wamba, muzilembamo dzina la fayilo, linki ya kumene mwaitenga, wojambula, laisensi ndi tsiku. Jambulaninso sikirini ya tsambalo. Wojambula akhoza kudzachotsa chithunzi chake mawa, ndiye umboni wanu udzakhala umenewo.

Za nkhope za anthu ndiye samalani kwambiri. Malo aulerewa satsimikizira kuti munthu amene wajambulidwa anasaina chilolezo. Nkhope ya mlendo musaiike pambali pa nkhani ya ngongole, matenda kapena umphawi.

Fundi_Bangula

A Mlambe anena za malamulo, ine ndinene za kuchedwako. Vuto ndi kulemera kwa mafayilo, si netiweki yokha ayi. Foni ya kamera ya 12 MP (megapixel) imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 4000 m'lifupi ndi 3000 m'litali, cholemera 3 MB mpaka 5 MB. Zotsitsa ku Unsplash kapena Pexels pa kukula kwake konse zimatha kupitirira pamenepo. Werengani nokha: zithunzi 12 za 4 MB ndi 48 MB. Mukazichepetsa kufika 150 KB chilichonse, zonse pamodzi sizifika 2 MB. WordPress, kuyambira pa mtundu wake wa 5.3, imachepetsa yokha chithunzi chopitirira mapikiselo 2560, komanso imapanga timakope tating'ono, koma 2560 ikadali yaikulu kwa munthu wa pa foni, ndipo mathimu ena (theme, chimene chimapatsa webusaiti maonekedwe ake) amakoka chachikulucho m'malo mwa kakang'ono. Choncho chepetsani musanakweze.

Njira yosavuta ndi squoosh.app. Imatseguka pa Chrome ngakhale pa foni, ndipo ntchito yonse imachitikira m'foni mwanu momwemo, chithunzi sichipita kwina, ndiye bandulo siikudyeka pochepetsa. Sankhani chithunzi, yatsani Resize, ikani 1200 pa Width ngati chili cholowa m'kati mwa nkhani, kapena 1600 ngati chili chachikulu cha pamwamba pa tsamba. Musazimitse Maintain aspect ratio, apo ayi mbuzi zituluka zophwatalala. Pa Compress sankhani WebP, Quality ikhale 70 kapena 75. Pansi pakuonetsani kulemera kwatsopano. Cholinga chanu chikhale 80 KB mpaka 150 KB kwa zithunzi wamba, ndipo chachikulu cha pamwamba chisapitirire 250 KB.

Apa pali chinsinsi chokhudza katundu wanu. Chitowe ndi mapira zojambulidwa pafupi zimavuta kuchepetsa kuposa mbuzi itaima pabwalo, chifukwa kanjere kalikonse ndi kanthu koti fayilo ikasunge. Chithunzi cha mulu wa chitowe chikakana kutsika, musatsitse Quality mpaka 40, njere zisanduka phala. Bwino muchepetse Width kufika 1000, kapena mudule chithunzicho kuti mutsale mbali yofunika yokha.

Mitundu ya mafayilo: WebP kapena JPEG ya zithunzi zojambula, PNG ya logo kapena chinthu chopanda kumbuyo. WordPress imalandira WebP kuyambira pa 5.8, ikakana, ndiye kuti yanu ndi yakale kapena seva (kompyuta yosunga webusaiti yanu) ilibe zofunikira, tengani mtundu wa JPEG wotchedwa MozJPEG pa Squoosh pomwepo. Wina akakutumizirani chochokera pa iPhone chothera ndi .heic, chisandutseni JPEG kaye.

Dzina la fayilo lisinthe musanakweze. IMG_20240912.jpg siliuza Google kanthu. Lembani chitowe-ngabu-matumba.webp, zilembo zazing'ono, timizere m'malo mwa mipata. Kachizindikiro ka m'mawu monga ng'ombe kachotseni m'dzina la fayilo, lembani ngombe, chimodzimodzi kadenga ka pa ŵ; pa maseva ena tizindikiro timeneti timathyola linki.

Kukweza: mu WordPress pitani ku Media, kwezani fayilo, idineni, ndipo kumanja lembani Alternative Text. Amenewa ndi mawu amene amawerengedwa kwa munthu wosaona, komanso amene amaoneka chithunzi chikalephera kutseguka, zimene kuno sizachilendo. Fotokozani chimene chilipo: "Matumba a chitowe a 50 kg m'nyumba yosungiramo ya kopaletivi ku Ngabu". Dzina la wojambula ndi laisensi zipite pa Caption, osati pa Alternative Text. Kenako patsamba ikani buloko ya Image, sankhani kuchokera mu Media Library, ndipo pa kukula sankhani Large kapena Medium, osati Full Size.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi. Kukopera linki ya chithunzi cha pa webusaiti ya eni n'kuimata kwanu: tsiku limene adzachichotse, kwanu kudzatsala bokosi lopanda kanthu. Uthenga woti fayilo yapitirira malire: ndi malire a seva, ndipo fayilo yochepetsedwa siifika kumeneko. Kukweza kumaima pakati: kwezani chimodzichimodzi, osati zonse 12 nthawi imodzi. Ndiye pali silaida ija yosinthasintha zithunzi pamwamba pa tsamba, imene ma komiti amaikonda kwambiri. Ichotseni. Masilaida ambiri amakoka zithunzi zonse nthawi imodzi pamene mlendo amaona choyamba chokha n'kutsika.

Musaiwale Featured Image, chithunzi choimira tsamba lililonse, mapikiselo 1200 ndi 630, yosapitirira 300 KB. Ndi imene kawirikawiri imaoneka linki ikagawidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, makamaka ngati muli ndi pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) yothandiza kuti tsamba lipezeke pa Google, monga Yoast. Mukamaliza yesani tsambalo pa foni yotchipa ndi data wamba, osati pa Wi-Fi ya muofesi.

Nachitowe_Ngabu

Takhuta kwambiri abambo nonse awiri. Ndayesa Squoosh, chithunzi cha matumba chatsika kuchoka pa 4 MB kufika pa 130 KB ndipo sindikuona kusiyana. Latsala ndi funso la AI lija. Achinyamatawa andionetsa chithunzi cha mayi akukolola chitowe chimene apanga pa foni, ndi chokongola zedi, komiti yachikonda.

Chemwali_Dyeratu

Amayi, musanachiike chioneni bwino pa sikirini yaikulu, ndipo muitane mlimi wachikulire achionenso. Ndikhulupirira apezapo chinthu. Zida za AI zimenezi, kaya ndi ChatGPT, Gemini, Copilot, Adobe Firefly kapena za m'kati mwa Canva, zinaphunzira pa zithunzi zochuluka za pa intaneti, ndipo za chigwa cha Shire m'menemo n'zochepa. Mukalemba "African farmer" zimasakaniza Africa yense m'mbale imodzi: mtengo wa minga wa denga lathyathyathya ngati wa ku Kenya, nsalu ya kente ya ku Ghana, mikanda ya Amasai, dothi lofiira la kumtunda pamene la kuno m'madimba ndi lakuda kapena lotuwa. Mbewu ndiye zimasokonezeka koopsa. Chitowe chimatuluka ndi ngala ngati mpunga, pamene chenicheni chimabereka timakoko m'mbali mwa tsinde, ndipo chimadulidwa n'kuimikidwa m'mitolo kuti chiume chisanakunthidwe. Mapira amatuluka ndi chisononkho cha chimanga pambali. Wogula wa ku Limbe amene wakhala zaka akugula chitowe aona zimenezo nthawi yomweyo, ndipo aganiza kuti kopaletivi yanu ndi ya pa pepala chabe.

Ndiye lamulo langa ndi ili: chimene mukugulitsa, anthu anu ndi malo anu zisakhale za AI, ngakhalenso za pa Pexels. Pa mbuzi mpamene pali msampha weniweni. Malo a zithunzi ndi AI yomwe amakonda kutulutsa mbuzi ya mtundu wa Boer yonenepa ya mutu wofiira kapena Saanen yoyera ya mkaka. Wogula akabwera ndi galimoto kuchokera ku Blantyre, kutsika Thabwa yense uja, n'kupeza mbuzi zachikuda, mkangano wa mtengo uyambira pachipata. Ng'ombenso chimodzimodzi: zimatuluka zamawanga akuda ndi oyera za mkaka m'malo mwa zathu za linunda.

Pamene AI imathandiza ndi pa zojambula zophunzitsira ndi zokongoletsa: kachithunzi ka pamutu pa nkhani ya kasungidwe ka mbewu, tizizindikiro ta foni, thumba ndi galimoto, kapena kumbuyo kwa chikwangwani cholengeza msonkhano. Pa zimenezi pemphani chojambula chooneka kuti n'chojambula, osati chonga cha kamera. Malangizo alembeni m'Chingerezi chifukwa ndi chimene zidazi zimamva bwino, ndipo tchulani chilichonse: mtundu wa chojambula, mwachitsanzo "flat illustration", chimene chikuchitika, chovala monga "chitenje wrap and headscarf", malo monga "flat hot valley, baobab and fan palms, no mountains close by", kukula kwake "16:9", ndipo malizani ndi "no text". Mawu a Chichewa kapena Chisena musalole AI kuwalemba pachithunzi. Zida zatsopano zayamba kulemba Chingerezi bwinoko, koma athuwa zimawapotozabe. Lembani nokha pa Canva pambuyo pake, kapena bwino koposa alembeni patsamba penipeni kuti Google iwawerenge.

Chikatuluka chikulitseni n'kuyang'ana zala, mmene dzanja lagwirira khasu kapena chikwakwa, mpini ngati walowa bwino, miyendo ya ziweto, nkhope za anthu a kumbuyo, ndi galimoto ngati ili kumanzere kwa msewu monga timayendera kuno. Chikalakwika pemphani kuti chikonze mbali imeneyo yokha m'malo moyambiranso, chifukwa zaulere zili ndi malire a kuchuluka kwa zithunzi patsiku. Chimatuluka kawirikawiri ngati PNG yolemera kupitirira 1 MB, ndiye chidutsenso pa Squoosh monga anenera a Fundi.

Pansi pake lembani "Chojambula chopangidwa ndi AI". Sizichotsa ulemu, ndipo kubisa sikuthandiza: zithunzi za Gemini, mwachitsanzo, zimakhala ndi chizindikiro chobisika chotchedwa SynthID. Werenganinso malamulo a chida chimene mwagwiritsa ntchito pa nkhani ya malonda, chifukwa amasiyana ndipo amasintha.

Zitatu izi musachite n'komwe. Musapange chithunzi cha munthu weniweni, kaya ndi mfumu, phungu kapena mlangizi. Musakweze nkhope za mamembala ku zida zimenezi iwo asakudziwa. Ndipo musapange zithunzi za madzi osefukira kapena za njala kuti mukope othandiza. Anthu a kuno anaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 ndi maso awo. Chithunzi chopeka cha zimenezo chikadziwika, palibenso adzakhulupirire ngakhale zenizeni zimene mudzaike.

Mlambe_Nchalo

Achemwali anena zoona, ndingowonjezera pa logo, chifukwa achinyamata amathamangira pamenepo. Ku America, ofesi yoona za ufulu wa eni ntchito inanena mu 2023 kuti chithunzi chopangidwa ndi makina okha, popanda luso la munthu, sichitetezedwa. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti logo ya AI ingakuvuteni kuletsa wina kuitengera, ndiponso chidacho chikhoza kupatsa munthu wina yofanana nayo. Chizindikiro chimene chidzasindikizidwe pa matumba anu zaka zambiri, lipirani wojambula, ndipo mulembe pangano loti umwini wapita ku kopaletivi. Akupatseni mafayilo a SVG ndi PNG.

Dziwaninso kuti malo a zithunzi nawo adzaza za AI masiku ano. Pa Pixabay ndi pa Adobe Stock zimalembedwa, ndipo pali posankha kuti zisaoneke. Mukakayikira chithunzi chimene wina watumiza pa gulu la WhatsApp, chiikeni pa Google Lens kapena TinEye muone kumene chinayambira. Zambiri za kusefukira kwa madzi zimene zimazungulira m'magulu zili ndi eni ake, atolankhani kapena mabungwe.

Pa zokongoletsa ndisiyane nanu pang'ono achemwali. Patsamba la kopaletivi yaing'ono, chithunzi chimene sichikuuza wogula kanthu n'chongodya bandulo. Pa 12 zija ine ndikadasiya 5.

Chemwali_Dyeratu

Pa tsamba loyamba ndikuvomera achimwene, 5 zakwana. Ndimanena za masamba a maphunziro a mamembala, kumene chojambula choonetsa matumba ali pa mathandala, otalikirana ndi khoma, chimamveka msanga kuposa ndime yonse kwa amene kuwerenga kumawavuta. Komabe ngakhale chimenecho, nyumba yosungiramo ikakhala yokonzeka bwino, kujambula yeniyeni kumaposa.

Gogo_wa_Kamera_Nsanje

Mwana wanga, zisanu zimenezo mukhoza kujambula nokha m'mawa umodzi, foni imene muli nayoyo ikwana. Mdani wanu kuno ndi dzuwa. Kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko kuwala kumachokera pamutu, maso amalowa m'mithunzi, matumba oyera amanyezimira mpaka zolembedwa kufufutika, nkhope n'kuda bii. Jambulani pakati pa 6 ndi 8 m'mawa kapena kuyambira 4 koloko madzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu kapena cham'mbali. Zikakakamiza masana, imikani anthu m'mthunzi wathunthu wa khonde kapena wa mtengo wa masamba ogwirana, osati wa mawangamawanga, ndipo kumbuyo kwawo kusakhale bwalo lowala. Dinani pankhope pa sikirini musanajambule kuti foni iyeze kuwala kuchokera pamenepo.

Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa nthawi iliyonse. Fumbi ndi thukuta la m'thumba ndi zimene zimachititsa chithunzi kuoneka ngati muli utsi. Gwirani foni chopingasa, chifukwa malo ambiri a pa webusaiti ndi otambalala. Osakoka zoom ndi zala, senderani pafupi. M'masetingi a kamera zimitsani Watermark, kuti dzina la foni ndi tsiku zisalembedwe pakona, komanso zimitsani Location, chifukwa fayilo imasunga malo enieni amene mwajambulira, ndipo simufuna kulozera aliyense pamene pali khola la mbuzi. Foni isakhale padzuwa podikira. Ikatentha kamera imakana kutseguka.

Chitowe chithireni m'lichero loyera bwino, chijambuleni pafupi pa khomo pamene kuwala kukulowa cham'mbali, kuti wogula aone mtundu wake ndi kuti mulibe mchenga kapena zinyalala. China chikhale cha thumba lili pa sikelo, manambala akuoneka. Mbuzi ijambuleni cham'mbali, mutagwada kuti kamera ifanane ndi msana wake, miyendo yonse inayi ikuoneka, munthu ataima pafupi kuti kukula kwake kudziwike. Mukajambula mutaimirira imaoneka yamutu waukulu ndi yowonda kumbuyo.

Anthu apempheni kaye, ndipo muwauze momveka kuti chithunzicho chikaikidwa pa intaneti pamene aliyense angachione. Konzani kapepala ka mizere itatu m'Chichewa kapena m'Chisena, asaine kapena adinde chala, musunge m'fayilo ya kopaletivi. Ana ndi chilolezo cha makolo, ndipo mayina awo asalembedwe. Mukapita kukajambula m'mudzi mwa eni, yambani mwaonekera kwa a nyakwawa.

Wojambula akakhala wina, asakutumizireni ngati chithunzi wamba pa WhatsApp, chifukwa chimafinyidwa, ndiye mukachifinyanso pa Squoosh chimaphwanyika. Atumize ngati Document, kapena musamutsirane pa Bluetooth kapena kebulo mukakumana. Choyambirira chachikulucho chisungeni pa memori khadi kapena pa Google Drive, chifukwa cha 1200 chija sichikwana tsiku limene mudzafune kusindikiza chikwangwani cha kuchionetsero cha zaulimi.